Amayi Anaimba Kherere Kamodzi

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Moni ubwera, koma ndiloleni ndiyambe ndi funso limene landikhala pakhosi. Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti bwalo la mpira la abambo lisakhudzidwe? Amalume akuti lisakhudzidwe. Mzime wanu akuti lisakhudzidwe. Ngakhale a Dalaivala amene amanditengera makalatawa, munthu woti si wachibale, anandiuza akumanga katundu kuti, "Aphwanga, pajatu mpopatulika." Ndinawafunsa kuti anapatula ndani. Anangoseka n'kukoka chingwe.

Tsopano moni. Muli bwanji, nanga miyendo ija ikuti bwanji? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la makatoni landipatsa kachifuwa. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti "chabwino, mwanawe, chabwino," foni ikaduka chabwino ujanso waduka. Mzime akuwerengereni mofatsa, ndipo asadumphe mizere imene sakugwirizana nayo.

Amayi, malo aja ndi athu, ndi aakulu, ali m'mbali mwa msewu, ndipo chibadwire changa sanatulutsepo kanthu kupatula fumbi ndi mawindo osweka. Mboni ndinu nomwe. Kangati munachapanso zovala zochapachapa chifukwa mpira wagwera pachingwe? Munkati, "Bambo a ana, mpira wanuwu udzatidyetsa liti?" Iwo n'kumati, "Ukutidyetsa kale, simuona mmene amadyera anawa akachoka m'bwalomu?"

A Hadiweya, eni sitolo ya simenti aja, akufuna kugula kuti amangepo mashopu. Anandiimbira okha. Ine ndaganiza motere: gawo lina likonze denga lanu, lina Mzime amalizire maphunziro, lina ndikonzere mapepala anga okhalira kuno. Kuntchito amanditchula wowerengera katundu, koma wowerengera wa kuno amanyamulanso. Sindinavutike zaka zonse zija ku yunivesite kuti ndizisenza makatoni a sopo, digiri ili m'chikwama pansi pa bedi.

Abambo ndinkawakonda. Ku maliro awo sindinabwere, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa: ndikanatuluka m'dziko muno, sakanandilola kulowanso. Zimandipweteka. Koma kukonda munthu si kusunga mitengo ya golo ndi mizere ya laimu mpaka chiswe chidzatithandize kuganiza.

Ndatumiza bulangete ndi mankhwala opaka aja. Bulangetelo ndi lanu, lisakhale la alendo.

Ine mwana wanu woyamba.


4 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndakondwa kumva kuti mankhwala akuthandiza ndipo mwayambanso kuyenda mpaka kumsika. Ine kachifuwa kaja katha.

Yankho lanu ndalimva. Mukuti mpikisano umene abambo anauyambitsa asanagone m'chipatala sunathe, tidikire kaye. Mzime wawonjezera zake m'munsi, akuti panopa akuimbira mpira ndi Ometa tsitsi, ndi mluzu wa pakamwa, chifukwa kherere wa abambo munamutsekera mu dilowa ya makina osokera. Ndinaseka ndekha. Ometa amene abambo anawatulutsapo m'bwalo chifukwa chotukwana agogo a goloboyi, lero ndiwo oweruza.

Musaganize kuti ndaiwala. Ndimawaona abambo pakhonde, makina atawatembenuza kuyang'ana kubwalo, phazi likupalasa, maso ali pa mpira. Mukukumbukira thalauza la aphunzitsi lija, limene mwendo wina unafupika chifukwa kunagwa penate? Anawauza kuti, "Aphunzitsi, muziima chopendekera, palibe adzadziwe." Ndimawaona Loweruka m'mawa ndi chitini chobooka pansi, akutsata chingwe, laimu akugwa ngati akulemba kalata. Malaya akuda anadzisokera okha, thumba la pachifuwa lokwana makadi awiri amene anadula ku mabeseni anu akale, lofiira ndi lachikasu. Beseni lachikasu lija linali lisanathe ntchito, ndipo munawakumbutsa mpaka chaka chatha.

Dzina limene anandipatsa nalonso sindinaiwale. Ofusayidi. Mwana wawo weniweni, koma ndikangoti ndamwetsa chigoli, kherere walira kale. Kunyumba ndinkalimbikira kuti ndinali pamzere. Iwo, singano ili pakamwa: "Iwe umanyamuka mpira usanachoke paphazi la mnzako. Liwiro uli nalo, koma zigoli zako siziwerengedwa." N'chifukwa chake ndinasiya mpira n'kugwira mabuku, kumene wofulumira samuimbira kherere.

Ndiye ndikudziwa chimene akananena akanawerenga kalata ino. Koma a Hadiweya sadikira. Akuti pali malo ena kuseri kwa chigayo amene akuwayang'ananso. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Amayi. Anyamatawo ndi akuluakulu, ena ali ndi ana, angathe kupempha bwalo la kusukulu.

Kuno kwasintha mabwana. Atsopanowa akuitana anthu mmodzimmodzi, aliyense ndi mapepala ake. Anga ali bwino, kungoti deti lake lija, koma tisiye zimenezo. Wamtali, mnzanga wa m'chipinda, sanabwereko kuntchito Lachiwiri. Nsapato zake zatchalitchi zidakali pansi pa bedi, ndipo mwini nyumba wayamba kufunsa ngati ndingapeze wina wogawana naye chipinda.

Mzime asagule malata kaye, mitengo ya panopa ndi yakuba. Adikire nkhaniyi ithe.

Mwana wanu.


30 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Ndikulembera pabondo ku siteshoni, basi yatsala pang'ono kunyamuka. Ntchito andiimitsa kaye. Andipatsa tsiku loti ndikaonekere ku ofesi ina, ndipo loya amene angandiperekeze satsegula pakamwa asanaone kanthu. Musandifunse zambiri, ndipo amalume musawauze mbali imeneyi.

Kalata yovomereza ndasaina, ili mu envulopu yomweyi. Abambo kulibe, ine ndine woyamba, ndiye ndikunena: gulitsani sabata ino. Mpikisanowo akamalizire kusukulu, kaya pamsewu, kaya kumene angafune. Ana a eni ake akuthamangitsana ndi chikopa pamene wanu akumira. Sankhani, Amayi, bwalo kapena ine.

Ndikanakhala ndi nthawi ndikanalemba mwaulemu.


19 Meyi

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Pepani pokhala chete. Kumene ananditsekera kunalibe pepala kapena cholembera. Ndatuluka, ndili bwino, ndangoonda pang'ono ndipo lamba ndaboola kwina. Ndalama za bwalo zimene munatumiza zinafika pa nthawi yake. Loya anatsegula pakamwa, chidindo chinagunda, ndipo tsopano ndingathe kuyenda mumsewu osatembenuka ndikamva galimoto ikuima kumbuyo kwanga. Ntchito ndabwererapo. Wamtali ndinamupeza komweko. Iye anamukweza basi yobwerera kwawo. Analibe bwalo loti agulitse.

Ndimati ndilembe kalata yothokoza basi. Koma dzulo ndinapita kwa a Dalaivala, ndipo anandikhazika pa tayala n'kundiuza zimene inu ndi Mzime simunandiuze. Analipo tsikulo. Ndizilemba mmene anandiuzira, penapake pakalakwika mundikonze.

Akuti linali Loweruka la fainolo, a kumsika ndi a kugalaja, chigoli chimodzi mbali iliyonse, chipande chachiwiri chili pakati. Lole ya njerwa inafika n'kuima pakona, hutala osalekeza. Ometa anangoyang'ana kumbali ngati agontha. A Hadiweya anabwera pakhonde, chipewa chili m'manja: "Mayi, ndakhala ndikudikira, koma lole iyi ndi yahayala." Inu munalowa m'nyumba, munatsegula dilowa, munatuluka ndi kherere. Munayenda mpaka pakati pa osewera, inu amene simunapondepo m'kati mwa mizere ija ngakhale pothamangitsa nkhuku. Munaimba kamodzi.

Onse anaima. Goloboyi wa kugalaja anafunsa ali chapatali, "Faulo ya ndani, Amayi?" Wina wa kumsika anatola mpira n'kuukhazika pamene munaima, akuti, "Ndi yathu, Amayi aona bwino, amene uja wandikoka jezi kuyambira m'mawa." A kugalaja anayamba kupanga khoma, goloboyi akuwakankhira kumanzere. Inu munangoti, "Basi, ana anga, basi," n'kubwerera m'nyumba.

Amayi, simunadziwe, ndipo palibe akanayembekeza kuti mudziwe. Kamodzi ndi faulo. Abambo pothetsa mpira ankaimba katatu, kawiri kafupi, komaliza kotalika, mkono ataloza pakati. Zaka zonsezi munkamva muli kukhitchini, n'kudziwa kuti yakwana nthawi yoteleka madzi awo osamba. Kuwerenga simunawerengepo.

A Dalaivala ankaseka pofotokoza. Kenako anasiya kuseka. "Aphwanga," anatero, "njerwa zoyamba anazitsitsa anyamata akadaima pakhoma lawo, manja ali kutsogolo, akudikira kuti amayi anu atulukenso."

Ndinafunsa kuti inu munali kuti. Akuti zenera la kuchipinda linali lotseka, koma makina osokera ankamveka. Inu simusoka, Amayi.

Denga liyambike. Mmisiri akhale yemwe uja anakonza kwa amalume, osati wa a Hadiweya.

Mwana wanu.


14 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndalandira kalata ya Mzime, ya inu sindinaione. Akuti muli bwino ndipo denga lafika pakati. Ine ndili bwino, chakudya chayambanso kulowa.

Akutinso anyamata akubwerabe Loweruka lililonse. Amakhala pa maziko a mashopu, jezi zili paphewa, kenako mmodzi amabwera pakhomo: "Odi, Amayi, tabwera kudzamva ngati faulo ija tingamenye lero." Akuti poyamba zinali nthabwala, mumawapatsa madzi akumwa n'kumapita. Tsopano palibe akuseka. Chikho cha mpikisano wa abambo chili pamwamba pa makina, a kumsika akukana kuchitenga, a kugalaja akukananso, onse akuti mpira sunathe. Ndipo Mzime akuti Lachisanu lililonse mutu umayamba kukupwetekani.

Tiyeni tithetse zimenezi, si zovuta. Loweruka likubwerali imani pakhonde muimbe kawiri kotsalako, komaliza mukokere. Kapena Ometa aponye khobidi m'mwamba. Kapena ndigule chikho china chofanana, aliyense atenge chake. Ndatumiza mipira iwiri yatsopano, umodzi timu iliyonse. Muwauze kuti yachokera kwa ine.

Ndawerenganso ndime ya pamwambayi ndipo ndamva mawu a munthu amene analemba kalata ya pa siteshoni ija. Sindifufuta, muione mmene ilili.

Abambo akandiimbira foni sankafunsa za ntchito. Funso lawo linali limodzi: "Kumeneko apambana ndani sabata ino?" Ine n'kumati sindikudziwa, ndatanganidwa. Iwo: "Munthu ungakhale bwanji m'dziko osadziwa amene akupambana?" Kuseri kwa malo athu antchito kuli kabwalo, antchito a m'mafakitale amasewerapo Lamulungu. Ndakhala ndikudutsapo ndi mabuku anga a maphunziro apamwamba, osacheuka. Lamulungu lapitali ndinaima pawaya. Woimbira wake ndi mkulu wina wa mimba yaikulu, wowotcherera zitsulo. Saona ofusayidi ngakhale itamupatsa moni. Ndinazindikira ndikukuwa ndekha, ndi mawu enieni a abambo, mpaka anthu kutembenuka.

Mawu aja akuti bwalo kapena ine, sindikupempha kuti muwaiwale. Ndinakutumani ntchito imene ine sindikanatha kuigwira ndili pamaso pawo. Kusaina n'kosavuta, Amayi, pepala silifunsa kuti faulo ya ndani.

Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Mwana wanu.


12 Julayi

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndamva kuti denga latha ndipo mvula ikagwa simudzasunthanso bedi. Chimenecho chokha chandipatsa tulo. Ine ndili bwino.

Katundu wanu wafika. Mipira iwiri ija yabwerera ili chimangire. Pansi pake panali kansalu kakuda komanga mfundo. Ndinamasula pomwepo pa siteshoni, a Dalaivala akuyang'ana kumbali. Kherere. Chingwe chake n'chomwe chija, ndipo pakamwa pake pali zipsera za mano a abambo, mbali ya kumanja kumene ankalumira akakwiya.

Ndinafunsa ngati pali kalata. Anati palibe, koma pali mawu, ndipo anavula chipewa powanena, ngati akuwerenga m'tchalitchi: "Akuti, ine kanga ndinaimba kamodzi, kondituma. Kawiri kotsalako ndi ka mwini wake."

Ndamva, Amayi.

Koma imvani nanunso mmene zilili kuno. Nditabwerera ndinapeza katundu akusochera, makatoni olembedwa kuti ali uku akupezeka uko. Ndinakonza dongosolo latsopano popanda wondituma. Abwana aakulu, mayi wina wosaseka, anaona, anafunsa kuti wachita ndani, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wa kuno anapempha kuona digiri yanga. Andiika mu ofesi moyeserera. Ndili ndi tebulo, makiyi, ndi zenera loyang'ana kumene ndinkanyamula. Akakhutira, mpandowo ndi wanga. Koma woyesedwa sapita kutchuthi, ndipo pali mnyamata wina wa konkuno amene akuuyang'ana mpandowo ngati galu pa mpeni wa nyama.

Ndiye onani mmene ndadzimangira. Bwalo linapita kuti ine ndifike pa tebulo limeneli. Ndikanyamuka tsopano, ndiye kuti munalowa m'bwalo muja pachabe. Ndikakhala, inu muzingomva odi Loweruka lililonse chifukwa cha mawu anga. Ndawerengera mbali zonse monga anandiphunzitsira ku yunivesite, ndipo yankho silikutuluka.

Kherereyu ndamupachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Ndikatseka amagunda thabwa, ndiye ndayamba kutseka pang'onopang'ono. Mnzanga watsopano wa m'chipinda anafuna kumuyesa. Tinatsala pang'ono kumenyana, munthu wosalakwa.

Mzime akafunse kwa aphunzitsi aakulu ngati angabwereke bwalo la sukulu Loweruka limodzi. Angofunsa chabe, asalonjeze kanthu kwa anyamata.

Mwana wanu.


6 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, mutu utaleka. Ine ndili bwino.

Mzime sasunga mawu. Ndinati angofunsa, koma akuti aphunzitsi aakulu atangovomera anadutsira kugalaja, ndipo dzuwa lisanalowe Ometa anali atauza aliyense wokhala pampando wawo. Akuti a kumsika ayamba kale kuthamanga m'mawa, ndipo akukangana kuti faulo idzamenyedwe ndi ndani. Goloboyi wa kugalaja wanditumizira uthenga: "Muwauze a digiri abwere ndi maso, ife sitiopa masatifiketi."

Masabata awa ndakhala ndikupita ku kabwalo kaja. Ndinapempha wowotcherera zitsulo kuti ndizimugwirira mbendera pamzere. Malamulo ena asintha kuyambira pamene ndinasiya, ndipo kuyang'ana wothamanga ndi womenya mpira nthawi imodzi n'kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Sabata yoyamba osewera ananditukwana m'zilankhulo zimene sindizidziwa n'komwe. Abambo ankapirira zimenezi Loweruka lililonse, kwaulere, n'kubwera kunyumba akuimba nyimbo.

Dzulo ndinalowa mu ofesi ya abwana kukapempha masabata awiri. Anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati maliro anachitika kale, ine kulibe, uwu ndi mpira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mpira wa matimu ati?" Ndinati a kumsika ndi a kugalaja. Sanaseke. Anati, "Mapepala ako ali bwino, ungapite n'kubwerako. Makatoni udzawapeza, satha. Koma tebulo silingakhale lopanda munthu, ndipo amene ndimuikepo sindidzamuchotsa chifukwa cha iwe." Ndinawafunsa ngati mwayi wina ungadzapezeke. Anati sakudziwa, ndipo sakonda kulonjeza.

Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino, Amayi. Mwina amalume adzati ndataya bwalo ndi mpando womwe, ndipo sadzakhala akunama. Mashopu sindingawagwetse. Chimene chatsala m'manja mwanga ndi theka la chipande chachiwiri.

Mzime agule laimu, ndipo afunefune chitini chobooka chija, chiyenera kuti chili kuseri kwa bafa. Chikho chipukutidwe. Malaya akuda musawabweze, ndidzavala mmene alili ngakhale akhale aakulu. Kwa inu ndikupempha chimodzi: mudzabwere kusukuluko mudzandilozere pamene munaima, kutalika kwake kuchokera pagolo, chifukwa mpira uyambira pamenepo. Mukatero mungathe kubwerera kunyumba ngati simukufuna kuonera.

Abwana atamaliza kulankhula ndinaimabe pang'ono, iwo n'kuyamba kulemba zawo. Ndinatulutsa makiyi a ofesi m'thumba, ndinawaika patebulo pawo, ndinatsika masitepe kudutsa pakati pa makatoni, ndinapita ku siteshoni kukalipira mpando wa basi ya Lachinayi la sabata yamawa.

Ine mwana wanu.